Miyezi inayi ya zikalata kuti ndigone tulo: seguro, ogulitsa ndi makina a CPAP kuno ku Tete

Pakampando kamene kali pambali pa bedi langa ku Matundo pali makina a CPAP ondithandiza kupuma ndikagona, aang'ono ngati wailesi yakale, okhala ndi paipi yotalika pafupifupi mamita awiri ndi masiki yovala pamphuno. Adalowa m'nyumba muno mu Epulo, ndipo tsopano tili kumapeto kwa Okutobala. Ndawagwiritsa ntchito mokwanira kuti ndinene maganizo anga pa anthu awiri amene ndidadutsa m'manja mwawo: kampani ya seguro, imene abale athu a ku Dedza amati inshulansi, ndi sitolo ya zipangizo zachipatala imene idandigulitsa makinawa. Maina awo sinditchula. Ndifotokoza zimene adachita bwino ndi zimene adandipweteka nazo, kuti wina wa vuto ngati langa asataye miyezi inayi monga ndidatayira ine.

Ndine makaniko, kwathu ndi ku Domue ku Angónia, ndipo ndimagwira ntchito kukampani ina yokonza magalimoto akuluakulu a kumgodi wa malasha ku Moatize. Mkonono ndakhala ndikuliza kuyambira ndili mnyamata. Kwathu mkonono ndi nkhani yoseketsa pamaliro, anthu akagona pabwalo n'kumalozerana kuti uyo wayamba kugaya chimanga. Palibe amauona ngati matenda. Mayi a ana ndi amene adayamba kuda nkhawa. Usiku wina adandigwedeza mwamphamvu, nditadzuka ndidawapeza atakhala tsonga, nyali ya foni ili m'manja.

"Bambo a ana, inu simukugona ayi. Mukumasiya kupuma. Ndawerenga mpaka 32, chifuwa chikungodukha koma mpweya osatuluka. Kenako mumachita ngati munthu wotsamwa ndi fupa."

Ndidawauza kuti ndi kutopa chabe. Koma m'mawa uliwonse ndinkadzuka mutu ukuwawa, kukamwa kuli gwa, ndipo usiku ndinkapita kukataya madzi katatu kapena kanayi. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndinkamwa mitundu iwiri koma tensão osatsika. Chimene chidandigonjetsa ndi msewu. Mu Novembala chaka chatha tikuchokera kumudzi, matumba a kachewere ali kumbuyo, titangodutsa pa Mussacama cha m'ma 2 koloko masana, ndidasinza ndili pachiwongolero. Ndidadzidzimuka ndi phokoso la miyala pansi pa matayala ndi kukuwa kwa mwana wathu wamkazi. Sitidagunde kanthu. Ndidaimitsa galimoto, manja akunjenjemera, ndipo mayi a ana sadanene liwu lililonse mpaka tidafika pa mlatho wa Samora Machel. Sabata yomweyo ndidapita kwa dokotala.

Dokotalayo adandiyeza khosi ndi tepi ya telala, nati likapitirira masentimita 40 ndi chizindikiro chimodzi, langa lidali 44. Adandibwereka kachipangizo kokagona nako kunyumba usiku umodzi: lamba wa pachifuwa, timachubu ta m'mphuno, ndi kopanira chala koyeza mpweya wa m'magazi. Zotsatira adazitumiza pa intaneti kwa dokotala wina ku Maputo, ndipo zidabwera patatha masiku khumi. Pali nambala imene amaitcha AHI, yowerenga kuti pa ola limodzi la tulo munthu wasiya kupuma, kapena wapuma moperewera, kangati kwa masekondi 10 kapena kuposerapo. Kuyambira 5 mpaka 14 ndi vuto laling'ono, 15 mpaka 29 ndi lapakati, 30 kupita m'mwamba ndi lalikulu. Yanga idali 41. Mpweya wa m'magazi, umene mwa munthu wabwinobwino umakhala 95 pa 100 kapena kuposa, unkatsika mpaka 79. Adandifotokozera kuti ndikagona minofu ya kummero imafooka, lilime limagwera kumbuyo, njira ya mpweya n'kutsekeka, ndipo ubongo umandidzutsa pang'ono kuti ndipume, ine osadziwa. Mankhwala ake ndi makina a CPAP, amene amapopa mpweya wamba wa m'chipinda mosalekeza kuti njirayo isaphwafuke. Adandiuzanso kuti woyambitsa njirayi ndi dokotala wa ku Sydney, Colin Sullivan, amene adafalitsa zotsatira zake mu 1981, ndipo makina ake oyamba adagwiritsa injini ya chopopera fumbi m'nyumba. Monga makaniko, pamenepo mantha adachepa. Ndidaona kuti ndi pampu basi.

Tsopano za a seguro.

Ndidalowa nkhaniyi ndi maganizo olakwika. Ndinkayesa kuti khadi la seguro ligwira ntchito monga limachitira ku farmácia: upereka khadi ndi receita, kapepala ka mankhwala kolemba dokotala, usaina, utenga katundu. Zipangizo zodula sizitero. Pamafunika chilolezo chisanagulidwe chinthu, chimene iwo amati autorização prévia, ndipo ukagula usanachilandire ndalama yako yapita. Zimenezi zidalembedwa m'kabuku kamene adatipatsa polowa ntchito, kamene ndidali ndisanatsegulepo. Safunsa adadya phula, ndipo mlandu umenewu ndi wanga.

Koma zotsatirazi ndi zawo. Pempho loyamba ndidatumiza pakati pa Disembala. Patatha milungu iwiri ndi theka yankho lidabwera la mzere umodzi: lakanidwa, vutoli silili m'gulu la zolipiridwa. Ndidaimba foni kanayi ndisanapeze munthu wondiuza chifukwa. Pakalata ya dokotala padali mawu akuti ronco, kutanthauza mkonono, ndipo amene adawerenga adaima pomwepo. Mkonono pawokha salipira. Ndidabwerera kwa dokotala, amene adalembanso kalata ndi dzina lenileni la matenda, apneia obstrutiva do sono grave, ndi nambala yake ya m'buku la matenda la CID-10, G47.3, kuphatikizapo AHI ya 41 ndi mankhwala a tensão amene ndimamwa. Lipoti lonse la usiku uja, masamba asanu ndi awiri, tidaliphatika kumbuyo. Lipoti lomwelo lidalinso m'pempho loyamba, ndiye chikundiwawa mpaka lero n'chakuti munthu akadangotsegula tsamba lachiwiri akadaona yekha kuti si nkhani ya mkonono.

Kachiwiri sadakane, koma adati ndibweretse ma cotação atatu, mapepala onena mtengo, ochokera kwa ogulitsa osiyana. Nditawapeza, adati awiri mwa ogulitsawo sali pamndandanda wa amene kampaniyo imagwira nawo ntchito. Mndandandawo ndidaupempha, udabwera patatha masiku asanu ndi atatu. Pamene zonse zinkakwanira, cotação yoyamba idali itatha mphamvu, chifukwa idali ya masiku 30 okha. Vuto la kampaniyi lili pamenepo. Sabisa ndalama, sanama, koma amakuuza chofunika chimodzi pa ulendo umodzi, ndipo ulendo uliwonse umadya milungu iwiri. Zonse zimene adandifunsa m'miyezi itatu zikadakwana papepala limodzi tsiku loyamba. Munthu amene dokotala wamuuza kuti amasiya kupuma maulendo 41 pa ola samva bwino kuuzidwa kuti adikire sabata yamawa. M'miyezi imeneyo ndidasiya kuyendetsa maulendo aatali, ndipo ndinkagona chammbali nditasokerera kampira kumsana kwa malaya kuti ndisatembenukire chagada.

Padalinso nkhani imene ndinkaiopa kuposa zonse. Seguro yathu ndi ya kuntchito, choncho zikalata zina zimadutsa ku ofesi yoona za antchito. Ine nthawi zina ndimayesa magalimoto tikawakonza. Ndinkaopa kuti akamva zoti ndimasinza, ntchito yatha. Ndidakhala masiku atatu kalata ili m'thumba. Pomaliza ndidalowa, ndipo mayi wa mu ofesimo adaiwerenga, nati, "Abambo, amene timamuopa ndi amene sadayezetse. Inu mwabwera ndi mankhwala ake m'manja." Iwo ndi amene adaimbira a seguro pa nambala ina imene ife antchito wamba tilibe, ndipo kuyambira tsiku limenelo pempho langa lidapatsidwa nambala yakeyake ndi munthu mmodzi woliyang'anira. Zinthu zidayamba kuyenda. Ndikadadziwa ndikadayambira khomo limenelo mu Disembala.

Chilolezo chidatuluka kumapeto kwa Malichi. Adavomera kulipira magawo 80 pa 100 a mtengo wa makina, masiki yoyamba ndi paipi. Otsalawo ndidalipira ndekha pa M-Pesa, kawiri. Adaika mfundo ziwiri. Yoyamba, pakatha miyezi itatu nditumize lipoti losonyeza kuti ndikugwiritsa ntchito makinawo maola osachepera anayi pa usiku, masiku 70 pa 100 alionse. Imeneyi ndilibe nayo vuto, ndi ndalama zambiri ndipo ali ndi ufulu wodziwa kuti sizikuola m'kabati. Yachiwiri ndiyo sindigwirizana nayo: masiki, paipi ndi sefa zikatha, ndigule ndekha. Zili ngati kumugulira munthu galimoto n'kumuuza kuti za matayala tisamvenso. Makina opanda masiki yabwino sathandiza chilichonse, ndipo mphira wa masiki sukhala chaka, makamaka kuno kotentha kumene munthu amatuluka thukuta usiku wonse.

Za ogulitsa ndiyambe ndi amene sindidagule kwa iye, chifukwa ambiri mudzakumana naye musanakumane ndi sitolo yeniyeni. Nditatopa ndi kudikira mu Febuluwale, mnzanga wa kuntchito adandilumikiza ndi munthu wina wa pa Facebook amene amabweretsa makina ogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku South Africa. Mtengo wake udali wosafika theka. Adabwera nawo pa txopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu, mpaka pakhomo, ali m'chikwama chooneka bwino. Ndidatsegula pamene pamaonetsa maola amene injini yayenda: adali oposa 14,000. Factura, lisiti yokhala ndi nambala ya msonkho yotchedwa NUIT, adalibe, choncho a seguro sakadabweza ngakhale metical imodzi. Ndipo nditauza dokotala mtundu wake pa foni, adandichenjeza kuti mu Juni 2021 kampani ya Philips idaitanitsa makina ake mamiliyoni ambiri, kuphatikizapo DreamStation yoyamba, chifukwa siponji yochepetsa phokoso ya m'kati mwake inkanyenyeka, ndipo kutentha ndi chinyezi zinkawonjezera vutolo. Ena mwa makina amenewo akuyendabe m'manja mwa anthu. Wogulitsayo sankadziwa n'komwe nkhaniyi, sindikhulupirira kuti ankafuna kundipweteka. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndidamubwezera chikwama chake ndi ndalama ya txopela.

Sitolo imene ndidagulako ili ku Maputo, makilomita oposa 1,500 kuchokera pano, ndipo sindidapondemo phazi. Zonse tidachita pa foni. Ulendo woyamba ndidalankhula Chipwitikizi, koma mtsikana amene adayankha atamva dzina la kwathu adasintha yekha.

"Abambo, ndinu a ku Angónia? Ine kwathu ndi ku Tsangano. Tiyeni tilankhule chathu, mundiuze bwinobwino pamene a seguro akukanira."

Mwana ameneyu ndi amene adandisonyeza kusiyana kwa wogulitsa wamba ndi wogulitsa wodziwa ntchito. Makina ndi omwewo kulikonse. Chimene iye adali nacho ndi kudziwa pepala limene a seguro amalandira. Adalemba factura pró-forma yogawa chinthu chilichonse pamzere wake ndi mtengo wake, makina, kathanki ka madzi onyowetsa mpweya, paipi, masiki, m'malo molemba mtengo umodzi wa zonse monga adachitira ena aja. Adaikapo NUIT ya sitolo, chitsimikizo cha zaka ziwiri, chidindo, ndipo masiku a cotação adawatalikitsa kufika 60 chifukwa ankadziwa mayendedwe a kampaniyo. Adafunsanso kalata ya dokotala yonena mphamvu ya mpweya, ndipo adakana kutumiza makina isanafike. Panthawiyo ndidaona ngati akundichedwetsa. Pano ndikumvetsa. Mphamvuyo amaiyeza mu masentimita a madzi, kuyambira 4 mpaka 20, ndipo woikhazikitsa ndi dokotala, osati wogulitsa kapena wodwala. Anga ndi ResMed AirSense 10 osintha okha mphamvu malinga ndi kapumidwe, ndipo dokotala adalamula kuti aziyenda pakati pa 7 ndi 14.

Chilolezo chitatuluka, katundu adakwera ndege n'kufika ku Chingodzi m'masiku anayi. Madzulo omwewo katswiri wa sitoloyo adandiimbira pa vidiyo ya WhatsApp, ndipo tidakhala pafupifupi ola lathunthu. Mayi a ana adagwira foni, ine nditagona pabedi, iye akundiuza kuti kokani lamba wakumanzere, masulani wapamwamba, tsekani pakamwa. Sadafulumire ngakhale pang'ono.

Usiku woyamba udali woipa, ndinene zoona. Masiki imene adatumiza idali yophimba mphuno ndi pakamwa, ndipo idali yaikulu. Mpweya unkathawira m'maso, ndikamanga kwambiri inkandidinda pamwamba pa mphuno mpaka kusiya chilonda. Usiku wachitatu ndidaivula pakati pa usiku n'kuiponya pansi. Apa sitoloyo idalakwa: adasankha kukula kwake poyang'ana chithunzi changa, pamene pali kapepala koyezera nkhope kamene akadatha kunditumizira kuti ndisindikize. Koma nditadandaula sadakangane nane. Adatumiza ina ya mphuno yokha, yapakati, osandilipiritsa, ngakhale idatenga milungu itatu chifukwa adalibe m'sitolo. Milungu itatu imeneyo ndidapirira ndi yakaleyo nditamata kansalu pachilonda, chifukwa masiku a lipoti la a seguro adali atayamba kale kuwerengedwa.

Itafika yatsopanoyo ndidagona kuyambira 9 koloko mpaka 5 koloko osadzuka ngakhale kamodzi. M'mawa ndidakhala pakhonde ndikudabwa kuti mutu uli phee. Mayi a ana ndi amene sadagone. Adati chete wake adawaopsa, ankangoika dzanja pachifuwa panga kuti amve ngati chikukwera.

Pali zinthu zimene a ku Maputo sadandiuze, osati mwa nkhanza, koma chifukwa sakhala ku Tete. Choyamba ndi fumbi. Kumbali kwa makina kuli kasefa koyera ngati thonje. Buku lake limati kasinthidwe pakatha miyezi isanu ndi umodzi kapena msanga ngati kada. Kuno, ndi fumbi la chilimwe ndi la malasha limene timabwera nalo m'zovala, kamada m'milungu itatu. Adandiikira kamodzi kokha kapadera. Wina aliyense wogula apemphe khumi nthawi imodzi, n'totsika mtengo, chodula ndi kutumiza.

Chachiwiri ndi magetsi. Ngakhale Cahora Bassa ili m'chigawo chathu chomwechi ku Songo, kubairro kwathu magetsi amathima ndithu, ndipo akamabwera amabwera ndi mphamvu yosakhazikika. Akathima uli m'tulo umadzuka ngati wina wakutseka mphuno ndi dzanja. Ndidagula estabilizador yokhazikitsa mphamvu ya magetsi, ndipo Credelec, mayunitsi a magetsi ogulirathu, ndimaonetsetsa kuti isathe usiku. Makinawa amayendera mavoti 24, choncho batire la galimoto la mavoti 12 limafuna kachipangizo kokweza mphamvu. Kameneka ndidaitanitsa kusitolo komweko, ndipo a seguro adakana kulipira. Ukathimitsa chotenthetsa madzi, batire labwino limakufikitsa m'mawa popanda vuto. Ndi mmene ndidagonera ku Domue mu Julayi, kunyumba kwa amayi kumene kulibe magetsi, batire tikulitchaja masana pa sola ya mlamu wanga. Kumeneko ndidaphunziranso china: kuzizira kwa Angónia kumachititsa mame m'paipi, madontho n'kumakugwera pamphuno. Ndidakulunga paipi ndi chitenje n'kuilowetsa m'bulangeti, vuto lidatha. Amayi adaima pakhomo nthawi yaitali akundiyang'ana nditavala masiki, kenako adati, "Mwanawe, bambo ako ankabanika chimodzimodzi usiku. Ife tinkati pali chowakanikiza." Bambo adamwalira ndi sitiroko asanafike zaka 60.

Chachitatu ndi madzi ndi kutentha. M'kathanki muyenera kuthiridwa água destilada, madzi otchezedwa opanda mchere. Masiku oyamba ndidathira a pampopi owiritsa, ndipo m'sabata imodzi pansi pake padayera ndi miyala ya laimu. Tsopano ndimagula ku farmácia, ndipo kathankiko ndimakatsuka ndi vinyo wosasa wosungunula. Buku limanenanso kuti makinawa apangidwira chipinda chosapitirira madigiri 35. Mwezi uno wa Okutobala chipinda chathu cha malata chimafika pamenepo ngakhale dzuwa litalowa, choncho ndimayatsa fani n'kudikira kuti chizizireko ndisanawayatse, ndipo masana ndimawaphimba ndi nsalu kutali ndi zenera.

Lipoti la miyezi itatu lidayenda bwino, ndipo apa ndiyamikenso sitolo ija. Makinawa ali ndi kakhadi ka SD kamene kamasunga usiku uliwonse. Mtsikana wa ku Tsangano uja adandiimbira yekha kutatsala sabata, nandikumbutsa tsiku, nandiuza mmene ndingakoperere zimene zili m'kakhadiko pa kompyuta ya kuntchito. Adakonza lipoti n'kulitumiza kwa dokotala ndi kwa a seguro tsiku lomwelo. Lidasonyeza maola asanu ndi limodzi ndi theka pa usiku, ndipo AHI yatsika kuchoka pa 41 kufika pa 3. A seguro sadayankhe. Ndidachita kuimba kuti ndimve ngati alandira, ndipo adati inde, nkhani yatsekedwa. Mu Seputembala dokotala adachepetsa amodzi mwa mankhwala anga a tensão.

Sitoloyo ndingatumizeko m'bale wanga popanda mantha, bola akakamire kuyezedwa nkhope asanatumize masiki, ndipo aitanitsiretu sefa ndi chokwezera mphamvu ya batire m'katundu woyamba. Kampani ya seguro ndiipatsa theka. Idalipira gawo limene ine ndekha sindikadakwanitsa popanda kugulitsa ng'ombe za kumudzi, ndipo zimenezo sindiiwala. Koma idandisunga miyezi inayi pa zinthu zimene zikadatha m'milungu itatu, ndipo idasiya kunja zinthu zimene zimatha msanga.

Mphira wa masiki yanga wayamba kufewa m'mbali, usiku wathawu ndamva mpweya ukuthawira patsaya. Ndaitanitsa wina ndi ndalama yanga, akuti ufika sabata yamawa. Mgwirizano wa kampani yathu ndi a seguro amaukambirananso mu Januwale, ndipo ndalemba kalata ku ofesi yoona za antchito yopempha kuti masiki ndi sefa zilowemo, kawiri pa chaka. Anzanga awiri a ku shifiti ya usiku asainira nawo. Mmodzi mwa iwo akukatenga kachipangizo koyezera tulo Lachinayi likubwerali, ndipo ndamuuza kale kuti asachoke kwa dokotala asanaone G47.3 italembedwa pakalata.